Galimoto ya Mkwatibwi

Lolemba

Ndalankhula kale, kubweza sindingabweze. Dzulo ku komiti ya ukwati wa Tadala, mng'ono wawo wa akazi anga amake Yankho, ndinaimirira anthu onse akuona: mkwatibwi akwera galimoto yanga Loweruka, kuchoka ku tchalitchi kuno ku Kawale mpaka ku holo ku Area 25.

A Gondwe, mlamu wathu wa galimoto yatsopano yochokera kunja ija, anati atha kubwereketsa yawo. Ndinakana. Yawo ndi yonyezimira, inde, koma ilibe ulemu. Yanga ndi ya malemu bambo, yaitali, yoyera, mipando yachikopa. Vuto lake ndi laling'ono: yakhala pansi pa mtengo wa mango madzinja awiri osayenda.

Ndabwereka batire. Yatsokomola, yalira, yazima. Koma yalira! Amake Yankho angondiyang'ana, n'kupitiriza kusita.

Lachiwiri

Ndapita ku Biwi kukatenga a Mbewe, amakaniko. Akuti ndi fyuluta, kosefera mafuta kaja. Taitsegula: m'kati muli phala lofiira ngati thobwa. Tagula ina.

Yayenda! Kuchoka pakhomo mpaka pa mpopi pomwe amayi amatunga madzi. Pomwepo yazima. Amayi onse atula ndowa kuti aonerere bwino. Mmodzi akuti, "Mwabwera kudzaimwetsa?"

Fyuluta yatsopano ija yafiiranso. Ndabwerera mokankha, mtima uli phee. Masiku alipo.

Lachitatu

Lero akuti ndi pampu, sikukoka mafuta kuchokera m'thanki. Ndayamwa paipi ndi pakamwa kuti petulo abwere. Wabwera, ndameza. Tiyi akukoma petulo, mbatata petulo, ndikageya amake Yankho akusuntha mbaula.

Malangizo omwe ndalandira osapempha:
– aneba akumtunda: thirani palafini pang'ono;
– aneba akumunsi: ipempherereni, galimoto ya malemu imafuna kutsanzika;
– wogulitsa makala: gulitsani kwa osula mbaula;
– a Gondwe, atatsitsa galasi podutsa: "Alamu, yanga ilipo, musazunzike."

Sindikuzunzika ayi!

Tapeza pampu ina ku Biwi, pa galimoto yakufa ya mtundu womwewu. Tamanga. Yafika pachigayo, yazima. A Mbewe agogoda pansi pake n'kunena kuti, "Bwana, vuto si pampu. Thanki yadyeka ndi dzimbiri, ndi lomwe likutseka njira." Ndawafunsa kuti nanga pampu mwandigulitsiranji. Akuti ndinafunsa ndine.

Lachinayi

Tatsitsa thanki. Tathiramo timiyala, tatseka, n'kuyamba kuigwedeza, ine uku a Mbewe uko, kuti timiyalato tipale dzimbiri. Phokoso lake Kawale yense wamva. Agogo ena abwera kudzafunsa ngati kuli gule.

Dzimbiri latuluka lodzadza beseni. Ndasangalala ngati mwana. Kenaka a Mbewe aitukula thanki kuloza kudzuwa, n'kundiuza kuti ndisuzumire pakamwa pake. Nyenyezi zokhazokha! Timabowo paliponse. Kani dzimbiri lija ndi lomwe limagwira thanki?

Wowotcherera wakana. Akuti thanki ya petulo sakhudza, ali ndi ana.

A Mbewe akuti tisadandaule, sopo wochapira amagwira. Petulo samusungunula. Tamata bowo lililonse ndi chala. Sopo wa amake Yankho watha yense, sanadziwebe.

Tadala wadutsa madzulo ali ndi nsapato zake za ukwati m'jumbo. "Alamu, ndifika koma?" Ndamuuza kuti afika ngati mfumukazi. Waseka, koma maso ali pa thanki.

Lachisanu

M'mawa: yayenda! Kawale, Mchesi, kubwerera, osatsokomola n'kamodzi komwe. Ndaimba hutala pakhomo pa aliyense amene anandiseka. Ndauza apabanja kuti galimoto ya mkwatibwi iwale, ine ndapita kukatenga suti kwa telala.

Masana: ndabwera, ndapeza amayi a komiti yokongoletsa atagwira ntchito ndi mtima wonse. Atsuka pamwamba, m'kati, matayala, mpaka kunsi, ndowa pa ndowa. Thovu lili mbwee pabwalo. Amayi ena akuti, "Galimoto yanu ndi yodabwitsa, ikutulutsa yokha thovu."

Sopo wanga! Petulo samusungunula, koma madzi? Petulo yense ali m'dothi. Walira mvula walira matope, ndinati iwale ndine.

A Mbewe sataya mtima. Akuti thanki tiiwale, pampu tiiwale. Tamanga chigubu cha petulo padenga, paipi kutsika pambali pa galasi mpaka ku injini, mafuta azitsika okha. Chenjezo lawo ndi limodzi: chotsekera chisamangidwe kwambiri, chigubu chizipuma, apo ayi mafuta satsika. Amayi achikulunga ndi nsalu yoyera, maliboni, maluwa. Chikuoneka ngati keke.

Loweruka

Talowa m'galimoto potuluka m'tchalitchi. Tadala kumbuyo ndi mwamuna wake, nthungululu, mahutala, ana kuthamangira. Ine pachiongolero, chifuwa patsogolo. Bambo akanaona!

Tadutsa mtauni bwinobwino. Anthu akuloza keke ya padenga.

Titangoyamba msewu wa ku Kanengo: kho, kho, zii. Ndayesa. Ndayesanso. Aperekezi atuluka ndi masuti awo kukankha, dzuwa lili phwee. Kondakitala wa minibasi akufuula, "Twente faifi! Akwati awiri, malo alipo!"

Ndayang'ana pagalasi. Tadala misozi ikuwononga zodzola. Apo mtima wandipweteka zenizeni. Ndatsika, ndamutsegulira chitseko ndekha.

Kumbuyo kwathu kwenikweni kwaima galimoto ya a Gondwe. Yopanda wokwera. Maliboni, maluwa, nsalu yoyera pampando, zonse zomanga kale. A Gondwe angokweza akwati n'kunyamuka, bola akanandiseka.

Ndafika ku holo pelekanipelekani ali mkati, suti ikununkha petulo. Ndavina nawo pang'ono, chakumbuyo.

Lamulungu

Taikoka ndi chingwe, yabwerera pansi pa mango. Ndakwera kumasula chigubu: chafwamphira m'kati, petulo akadalimo, chotsekera chomangidwa zolimba mpaka ndachita kutsegula ndi sipanala.

Amake Yankho akuti anatseka ndi iwo pakhomo pa tchalitchi, petulo amadonthera pafupi ndi velo. Sanadziwe za kupuma. Ndawakhulupirira, a Mbewe anauza ine ndekha.

Ndafunsa kuti nanga galimoto ya a Gondwe anakongoletsa ndani. Akupukuta mbale yomwe yauma kale.

"Ndine. Ndimakukondani, bambo a Yankho, koma Tadala ndi mng'ono wanga."

Akanakhala mlongo wanga, nanenso ndikanamanga maliboni pa galimoto zonse ziwiri.