Giredi ya Sokosi

Lolemba

A foromani alengeza m'mawa uno ku shedi, tisanayambe kusankha fodya. Nkhuku za abwana zikusowa. Agalu achuluka pakomboni. Loweruka aliyense abwere ndi galu wake pabwalo la mabalani. Wa mtundu, woti angalondere fodya, atsala. Wachabechabe achoke pofika Lamulungu.

Posankha fodya lero ndaika tsamba la mtundu wa lalanje pamulu wa masamba a mtundu wa ndimu. Ine! Zaka zinayi patebulo lija, sindinachitepo zotero.

Galu wanga Sokosi sadya nkhuku. Amaziopa. Koma mtundu wake ndi uti? Amayi anamutola ali kamwana, m'thumba la fetereza kuseri kwa dibi la ng'ombe, chaka chomwe anamwalira. Pathumbapo panalembedwa za fetereza basi.

Ndi iye yekha amene ndimalankhula naye osachita chibwibwi.

Ndaganiza. Fodya akafika patebulo langa sindifunsa kuti bambo wake ndani. Ndimayang'ana maonekedwe, kutalika, kukhuthala, mawanga, ndiye ndimadziwa giredi. Galu nayenso ndimutero. Ndang'amba pepala pakati pa kope, ndajambula mizere ndi rula. Masiku alipo okwanira, ndikangochita mwadongosolo.

Lachiwiri

Zoyezera: chingwe chosokera mabelo, rula yanga ya kusukulu, pensulo.

Sokosi akuyesa masewera. Watafuna chingwe theka.

Zomwe ndapeza:
Ubweya: wa lalanje kumsana, wa ndimu kumimba.
Mapazi: atatu oyera, limodzi ayi.
Khutu lamanja: loima.
Khutu lamanzere: logona. Ndaliimika katatu, lagwa katatu.
Miyendo: yaifupi.
Thupi: lalitali, ngati anabwereka kwa galu wina.
Mchira: wopindika ngati chogwirira cha kapu.

Ndayeza kawiri kuti ndisalakwe. Kachiwiri mchira watalika ndi chala chimodzi. Sindikumvetsa. Ndiyezanso mawa.

Sadza, nsima ya kuno, yandikanika. Wadya ndi iye, alibe nkhawa n'komwe.

Lachitatu

Sekuru, abambo awo a malemu amayi, amene ndimakhala nawo, ankasamalira maluwa ku nyumba yaikulu nthawi ya mzungu. Akuti agalu a pulazi ino amawadziwa mpaka agogo awo. Pepala langa saliyang'ana. Amuzungulira Sokosi, akuloza ndi ndodo.

"Khutu loimali ndi la Alisesheni, galu wa apolisi. Anandiluma apa, taona." Akweza buluku.

"Miyendo ndi ya Jeki Raso wa adona, kaja kankakhala kutsogolo m'galimoto ife tili kumbuyo."

"Chifuwa ndi cha Bowabulu, chigalu cholondera nyumba."

Ndalemba zonse. Ndafunsa za mchira. "Mchirawo ndi wa kagalu ka kumowa. Usalembe."

Ndalemba, koma ndi zilembo zazing'ono.

Agalu anayi m'galu mmodzi! Ku okushoni belo losakaniza chotere amalibweza kwa mwini wake. Ndiye Loweruka ndikatchule uti?

Kenako Sekuru apeza china. Pakati pa mapewa pali kaubweya koloza kumutu, pamene unzake wonse ukuloza kumchira. Akuwa mpaka a khomo lina atuluka. "Rijibeki! Galu wosaka mikango!" Akuti weniweni amakhala ndi mzere wotere kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Ndayeza wa Sokosi. Chala chimodzi ndi theka.

Wosaka mikango wathawira kunsi kwa bedi chifukwa cha kukuwako.

Lachinayi

Mai Tendai, amene timagwira tebulo limodzi ku shedi, ali ndi foni yoti ukajambula chinthu imakuuza dzina lake. M'mawa wonse ndikukonza mawu owapempha. Pa nthawi ya tiyi ndangoti, "Sokosi..." basi. Amva okha. "Maiwe, mainini, mng'ono wanga, bwanji osanena Lolemba lomwe?"

Titaweruka tajambula katatu.
Koyamba: wasuntha. Foni yati mbuzi.
Kachiwiri: wayasamula. Foni yati nkhandwe.
Kachitatu: wanyambita galasi. Foni sinanene kanthu.

Nkhandwe! Sabata ya nkhuku zosowa ino! Ndawapempha afufute. Aseka mpaka akhala pansi, koma alumbira kuti sauza munthu. Dzuwa lisanalowe, amayi onse a kumpopi akuitana Sokosi kuti Gava, ndiyo nkhandwe m'Chishona.

Sekuru abwera ndi nzeru yawo: madzi a shuga ndi chipeso. Kupesa ubweya chobwerera msana wonse, uume, mzere uime. Ndakana. Kumeneko n'chimodzimodzi kubisa tsamba lowola pakati pa belo. Ku shedi munthu amachotsedwa ntchito pa zoterozo.

"Chabwino, Mai Chilungamo. Konza chingwe chomuperekezera kwa azakhali ako."

Ndasesa pakhomo kawiri. Ndatsuka mbale zotsuka kale.

Lachisanu

Ndavomera. Ambuye andikhululukire.

Tayeserera madzulo ano. Masupuni atatu a shuga wa tiyi wa Sekuru, madzi pang'ono, chipeso changa. Mzere waima! Ukaima patali n'kutsinzina pang'ono, akuoneka ngati galu waulemu wake.

Kenako nyerere.

Kenako Sokosi wapinda thupi lake lalitali lija, wanyambita paliponse pamene lilime lafika. Mzere watsala kumapewa kokha, pomwe unali kale.

Mawa timupaka tili pafupi kunyamuka, ndipo mutu ndiugwira ndekha.

Mawu oti ndikanene: "Uyu ndi Rijibeki, a foromani." Asanu okha. Ndanena kwa ndowa, kwa chitseko, kwa Sokosi. Kwa ndowa akutuluka bwino.

Pepala lada ndi mapazi a galu, ndiye ndakopera lonse patsamba loyera. Pansi pali mzere wa giredi. Pamenepo pensulo yakana kunama. Ndalemba zoona, poti pepalali ndi langa ndekha, palibe adzalione. Ndalipinda kanayi, ndaliika m'thumba la diresi kuti lindilimbitse mtima.

Loweruka

Agalu ali ndondondo kuchokera pabalani loyamba mpaka pamulu wa nkhuni. Ife tili chakumapeto. Mzere wa Sokosi wauma, waima ngati burashi ya nsapato. Mutu ndaugwira zolimba ndi manja awiri.

Za agalu enawo sindinaganize.

Wayamba kununkhiza ndi wa kutsogolo kwathu. Kenako wa kumbuyo. Kenako atatu nthawi imodzi, malilime pamsana ngati ana pa supuni ya jamu! Sokosi waima phee, maso watseka, akumva kukoma. Sekuru akuzunguza ndodo, akutukwana m'Chichewa chakale chimene sindinachimvepo.

Pofika kutsogolo, msana uli see, wonyowa, wowala.

"Imbwa yaani iyi?" afunsa a foromani m'Chishona, kufuna mwini galu. Ndakweza dzanja ngati kusukulu.

"Mtundu wanji?"

Mawu asanu aja palibe ndi limodzi lomwe. Komboni yonse ikundiyang'ana. Dzanja lalowa lokha m'thumba, latulutsa pepala, lawapatsa.

Awerenga mokweza. Khutu. Miyendo. Chifuwa. Mchira wa zilembo zazing'ono uja aubweretsa pafupi ndi maso, awerenganso mokweza. Anthu akugwirana mapewa ndi kuseka. Afika pansi: "Giredi: belo losakaniza."

Avula chipewa, akanda mutu. "Mwanangu, zaka zinayi sunalakwitsepo giredi. Ndiyambe kukutsutsa lero?"

Sokosi wagona chagada pa nsapato zawo, akudikira kukandidwa pamimba.

A foromani agamula: achoke mawa.

Sekuru sakundilankhula. Akuuza chitseko kuti masupuni asanu ndi limodzi a shuga adyedwa ndi agalu a eni ake.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi, ndamutenga. Azakhali ali ndi kamunda kawo kutsidya kwa msewu wa ku Trelawney, maola awiri kuyenda pansi. Ndanyamula mbale yake, thumba logonera, ndi pepala lina la zimene amadya ndi zimene amaopa: nkhuku, mabingu, kukuwa. Azakhali amumanga kuseri kwa khitchini kuti asandione ndikuchoka. Sindinamutsanzike. Ndikanalira pamaso pa anthu.

Ndalirira pamsewu. Ndadzera njira yaitali yozungulira damu, pang'onopang'ono, kuti maso aphwe ndisanafike pakomboni.

Ndafika. Sekuru ali pampando wawo panja. Kunsi kwa mpando: mapazi atatu oyera, limodzi ayi. Chingwe chotafunidwa chili m'khosi. Matope a kudamu mpaka m'mimba.

Wandiyang'ana ngati akufunsa chimene ndachedwera.

Ndisanamwe n'komwe madzi, a foromani adutsa panjinga. Aima. Ayang'ana nthawi yaitali.

"Sekuru, si yemwe uja uyu?"

"Munati achoke. Wachoka. Mwana wamuperekeza yekha, anthu aona." Sekuru sakweza n'komwe mutu. "Ifenso anatiuza kuti tichoke, pulazi itasintha mwini. Ine, ndi bambo ako omwe. Tinapita kuti?"

A foromani akhosomola. Akonza chipewa. Akuti tcheni cha njinga yawo chikuvuta masiku ano, sangamayang'anenso kunsi kwa mipando ya anthu. Apita.

Sindikudziwa ngati ndiye kuti watsala. Palibe wanena bwinobwino, ndipo ine sindingafunse. Mwina mawa andiuza ndimuperekezenso, iye abwererenso. Miyendo yaifupi ndi yake, koma yotopa ndi yanga.

Pepala lija a foromani anandibwezera dzulo. Ndaliwerenganso lonse, mzere ndi mzere. Palibe cholakwika. Ndangotenga rula, ndawonjezera mzere umodzi pansi pa giredi:

Belo labwezedwa kwa mwini wake.