Mphuno ya a Kingstone Muhiwa

Pa Chitakale mukatchula dzina la malemu a Kingstone Muhiwa, anthu amayamba agwira kaye mphuno, kenako n'kuseka. Mkulu ameneyu ankanunkhiza ma ampulifaya. Oimba gitala anzawo akafuna ampulifaya amaiyatsa n'kumvetsera. Iwo ayi. Ankaiyatsa, n'kuzungulira kumbuyo kwake, n'kugwada, maso ali tseke, mphuno ili pa timabowo totulukira mpweya, ngati mayi amene akukayikira nyama ya pa msika.

Ntchito yawo inali ya zamagetsi ku fakitale ya tiyi pa esiteti ina, ndipo ankakhala m'nyumba ya kampani ndi akazi awo, mayi Esteri, telala amene anasokapo yunifolomu ya pafupifupi mwana aliyense wa m'makomboni. Matenda a gitala anawagwira akadali mnyamata, dalaivala wina wa lole atawasiyira kaseti ya nyimbo zotchedwa buluzu. Anawauza kuti ndi nyimbo za anthu akuda a ku Amereka amene makolo awo ankathyola thonje m'minda ya eni. A Kingstone anati basi, amenewo ndi abale athu, kungoti ife timathyola tiyi. Koma chimene chinawalowa m'magazi ndi liwu la gitalayo. Silinali loyera ngati la magitala a kwaya. Linali losasa, lolemera, ngati bambo wamkulu amene akulira koma sakufuna kuti ana adziwe. Kaseti ija wailesi inaitafuna, liwu lija linatsala m'mutu, ndipo analisaka zaka zoposa makumi atatu.

Gitala anali nayo yabwino ndithu. Iwo ankati gitala ndi lilime chabe, kukhosi ndi ampulifaya. Ndipo malinga ndi iwo, ampulifaya ya buluzu imakhala ndi mababu agalasi m'mimba mwake, amene amafunda pang'onopang'ono, ndipo ikafunda imanunkhira ngati simbi yamakala pa thalauza la Lamulungu. Ankanenanso kuti kaampulifaya kakang'ono kamene wakakweza mpaka kutuluka thukuta kamaposa chimphona chimene chikungonong'ona. Mfundo zimenezi ankaziphunzitsa aliyense, ngakhale munthu amene wangowafunsa njira ya ku boma.

Tsiku lina a Jailos, mwini sitolo ya zamagetsi pafupi ndi siteji ya minibasi, anaoda chiampulifaya chachikulu ngati kabati, cha magetsi ofiira ndi obiriwira othwanima. Pofuna kuchitsatsa, anaitana a Kingstone kuti achiyese pakhonde anthu akuona. Anthu anadzaza mpaka makondakitala anasiya kuitanira. A Kingstone anagwada, anakoka mpweya kawiri, n'kudzuka akusasa mawondo.

"Achimwene, ichi chikununkha beseni latsopano."

A Jailos anawapempha kuti aimbeko ngakhale pang'ono. Iwo anakana mwaulemu, amvekere gitala yawo ndi yachikulire, singalankhule m'beseni. Mpaka lero ampulifaya iliyonse yothwanima pa Chitakale timaitchula kuti beseni, ndipo a Jailos anatha chaka osawapatsa moni.

Kenako mwana wawo Sheila, amene amagwira ntchito ku Joni, anawatumizira katoni ya mapedulo, timabokosi tachitsulo toponda ndi phazi timene timasintha liwu la gitala. A Kingstone anasangalala ngati apambana njinga. M'malo moyesera kunyumba, anakayesera kutchalitchi, pa nyimbo ya chopereka. Ataponda yoyamba, gitala inayamba kulira ndendende khanda la njala. Azimayi anayi anatembenuka kuyang'ana kumsana, ndipo mmodzi anamasula mwana wake amene anali m'tulo n'kuyamba kumuyamwitsa. Ataponda yofiira, munamveka ngati wina walowetsa chigayo m'nyumba ya Mulungu. Yachitatu inali yobwereza mawu, ndipo pa chipwirikiticho analumikiza waya wolakwika, moti mkulu wa mpingo atayamba zolengeza, mawu ake ankabwerera katatu. Mkuluyo anaima, n'kuyang'ana kumabenchi a achinyamata, n'kufunsa kuti akumunyogodola ndani. Funsolo nalo linabwerera katatu.

Akuluakulu a mpingo anawapempha mwachikondi kuti mapedulowo azipemphera ali kunyumba. A Kingstone sanadandaule. Anati yobwereza mawu ndi yopanda ntchito ku Mulanje, chifukwa phiri limatichitira zimenezo ulere. Anasungako imodzi yokha, yobiriwira, imene inkangoonjezera kaukali pang'ono ngati tsabola wa m'ndiwo. Zotsalazo mayi Esteri ankapanikizira nsalu podula.

Nthabwala zinachepa kalata itabwera. A Kingstone anali oti apuma pa ntchito pakutha pa Juni, kutanthauza kubweza makiyi a nyumba ya kampani n'kubwerera kumudzi kwawo, mkati mwa Thuchila, kumene mapolo a magetsi sanafike. Ampulifaya ya mababu siyendera kasola ka pa denga. Iwo anawerenga kalatayo n'kuona chinthu chimodzi chokha: atsala ndi miyezi itatu ya magetsi, ndipo liwu lija sanalipeze. Anayamba kuyenda ngati munthu wotaya ng'ombe. Ananunkhiza m'matchalitchi, m'mabala, m'nyumba zoonetsera mpira, mpaka anawoloka malire kukafika ku Milange atamva kuti mkulu wina ali ndi ampulifaya yakale. Anakapeza kuti ndi wailesi.

Chimene ankachisaka kutalicho chinali pa esiteti pomwepo. Atatumidwa kukakonza mawaya m'chipinda chosungiramo zakutha ku kalabu ya mabwana, anaona kabokosi kofiirira pansi pa mipando yothyoka, pamwamba pake nkhuku ikufungatira. Anapepesa nkhukuyo, anaisuntha ndi mazira ake, n'kugwada. Kabokosiko kanali kozizira zaka zambirimbiri, koma mphuno siinakayike: kanali kaampulifaya ka mababu. Manijala atawauza kuti atenge, ndi zinyalala, anakasenza pamutu kudutsa m'minda ya tiyi, othyola akuwaimbira nthungululu ngati akuperekeza mkwatibwi.

Milungu iwiri anakhala akukachita opaleshoni ndi mnzawo wa pamtima, a Morris, wokonza mawailesi pa Chitakale. Tsiku loyatsa linali Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro. Mababu anafiira, fungo la simbi linadzaza pabalaza, a Kingstone anaponda pedulo yobiriwira n'kukanda waya umodzi wokha. Liwu linali lomwe lija. Anatuluka panja opanda nsapato, anakumbatira kapitawo amene ankangodzidutsira, anakumbatiranso mtengo wa mapeyala. Anauza aliyense kuti pa phwando lowatsanzika, Loweruka la sabata yotsatira, esiteti yonse idzamva chimene akhala akunena zaka zonsezi.

Chinsinsi cha liwulo chinali chochititsa manyazi pang'ono. Pepala la sipika makoswe analing'amba, kutalika ngati chala, ndipo kung'ambikako ndiko kunkasasitsa liwu. A Kingstone ankadziwa, a Morris ankadziwa. Mayi Esteri sanauzidwe, poti palibe anaganiza kuti nkhani ya sipika ingawakhudze.

Apa muyenera kuwadziwa mayi Esteri. Pa zaka zonse za banja lawo, mwamuna wawo sanatulukepo pakhomo ndi batani losowa. Kwathu kuno bambo akaoneka pagulu ndi chong'ambika, anthu safunsa za bamboyo, amafunsa kuti mkazi wake ali kuti. Nanga mkaziyo akhale telala? Ndiye Lachisanu, akulongedza katundu wa ulendo, anapukuta fumbi kumbuyo kwa ampulifaya n'kuona bala lija. Mtima unawalumpha. Mawa bambo akaimirira pamaso pa mabwana, azimayi onse a m'makomboni atakhala kumbuyoko, chinthu chili chong'ambika! Anatenga nyuzipepala, analemba pateni ya kung'ambikako mosaphonya, anadula chigamba pa kansalu kolimbitsira kolala, n'kumata ndi guluu. Ntchito yake inali yaudongo moti anaima kaye n'kumaisirira.

A Kingstone ataweruka anayatsa ampulifaya n'kugwada monga mwa masiku onse. Sanafike n'komwe pa gitala. Anakoka mpweya kamodzi, mapewa n'kugwa. Komabe anakanda waya, ndipo liwu linatuluka loyera bwinobwino, la kwaya.

"Make Sheila, kodi ampulifayayi mwaigwira?"

"Ee, bambo. Inang'ambika kumbuyoku. Ndaikonza kuti mawa musakachite manyazi."

Anayang'ana chigambacho nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwamata bwino kwambiri. Zikomo." Anazimitsa, n'kukakhala pakhonde moyang'ana phiri. Chakudya sanachikhudze.

Mayi Esteri akanakonda kukalipiridwa. Zikomo ameneyo anawapweteka kuposa mbama, ndipo m'mawa mwake anakwera kabaza ulendo kwa a Morris. Atamva nkhaniyo, a Morris anagwira pamutu, n'kuwafotokozera zonse. Anati chigambacho sichingamatulidwe, pepala ndi lakale, guluu achoka nalo lonse. Kung'amba pena mongoganizira sikungabweretse liwu lomwelo, pokhapokha munthu atadutsa ndendende mmene anadutsa makoswe, ndipo makoswewo anamwalira kalekale. Mayi Esteri anafunsa ngati a Morris ali ndi lezala latsopano.

Phwando linachitikira pabwalo la mpira masana, waya wa magetsi atamukoka kuchokera ku fakitale. Panadzaza anthu: othyola tiyi, a m'fakitale, makapitawo, mabwana pansi pa tenti, ngakhale a Jailos anabwera kuti adzaone ngati mphuno ija inali ndi nzeru. Zolankhula zitatha, a Kingstone anaimirira atavala suti yosita bwino, n'kuyamba kuimba. Zala zinkayenda, nyimbo inali yabwino, anthu ankaomba m'manja mwaulemu ngati mmene timaombera mwana wa sukulu akalakatula ndakatulo. A Jailos anamveka akuuza woyandikana nawo kuti beseni lawo limaposa pamenepa.

Nyimbo isanathe, mayi Esteri anadzuka pa mphasa ya azimayi. Anadutsa pakati pa bwalo, chitenje chatsopano chili phuphuphu, kunja kuli zii, n'kukagwada kumbuyo kwa ampulifaya, pamalo pamene ankagwada amuna awo.

"Zimitsani, bambo."

"Make Sheila, anthu akuona."

"Aone. Zimitsani."

Anazimitsa. Mayi anatulutsa m'chikwama kapepala ka nyuzipepala, pateni ija, poti telala weniweni sataya pateni. Anakaika pa chigamba chawo chokongola chija, anatenga lezala, n'kudula motsata mzere, pang'onopang'ono, pokhota makoswe nawonso n'kukhota. Mayi amene moyo wawo wonse anausokera zong'ambika za anthu anang'amba katundu wa mwamuna wawo dzuwa likuswa mtengo, azimayi anzawo atagwira pakamwa. Atamaliza anauzira tizidutswa n'kunena kuti ayatse.

Ampulifaya ya mababu siidzuka msanga, choncho bwalo lonse linadikira nawo. Manijala anayang'ana wotchi. A Kingstone anagwada pambali pa akazi awo, ananunkhiza, anadzuka, anaponda yobiriwira ija.

Abale inu, gitala inalira. Inalira mosasa, mochokera pansi pa chifuwa, waya umodzi akaukoka liwu n'kumapitirira mpaka kukagunda phiri n'kubwerako. Ndipo sinali nyimbo ya pa kaseti ayi. Inali nyimbo ya Chilomwe imene malemu mayi awo ankaimba pothyola tiyi, dengu lili kumsana. Agogo ena a kumapeto kwa mphasa anaizindikira n'kuilandira, anzawo anatsatira, posakhalitsa bwalo lonse linali chiimirire, ena akuvina, ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ambiri akuchita zonse ziwiri. Kapitawo wokumbatiridwa uja anabwera kudzawakumbatira nayenso. A Jailos anadutsa m'chigulumo, anagwada kumbuyo kwa kabokosiko, ananunkhiza, n'kuvomera pamaso pa mboni kuti ndi simbi ndithu. A Kingstone anaimba mpaka zala zinachita matuza, ndipo nthawi yonseyo mayi Esteri sanabwerere pa mphasa.

Aka kanali komaliza kuimba ndi ampulifaya ija. Lolemba anabweza makiyi. Kumudzi anakhala zaka ziwiri, akulima nandolo ndi chinangwa, ampulifaya ili pakona yofunditsidwa nsalu yoluka. Madzulo ankaimba gitala yosalumikiza, kaliwu kake kochepa ngati ka udzudzu, mutu akugwedeza ngati kukumveka mabingu. Ukawafunsa ankati zotsalazo akuzimva okha. Anatisiya mvula ya chaka chatha itangoyamba, atadwala masiku ochepa.

Pa Chitakale pano ma ampulifaya akubwerabe, othwanima kuposa kale, ndipo anthu amangogula popanda wowanunkhizira. A Jailos amati malonda akuyenda koma sakukoma. Ifenso timaseka tikakumbuka za khanda la m'tchalitchi lija, kungoti kuseka kwake sikuchedwa kutha.

Kamodzi pa mwezi, mayi Esteri amafika pa kabaza, kabokosi kofiirira atakakulunga m'chitenje. Gitala sabwera nayo. A Morris amachepetsa mawailesi onse, n'kukalumikiza kumagetsi, ndipo mayi amagwada kumbuyo kwake kudikira kuti mababu afiire. Mwezi wathawu bambo wina wachilendo, amene anabwera kudzakonzetsa foni, anasuzumira n'kunena mokoma mtima kuti, "Mayi, sipika yanuyi yang'ambikatu. Bwanji osamatitsa?"

"Ndinang'amba ndine," anatero mayi Esteri. "Isiyeni choncho."

Ndipo anatseka maso, n'kukoka mpweya.