Khomo Loyang'ana kwa Apongozi

Pali chaka china chimene ndinkatulukira pawindo m'nyumba yanga yomwe, chitseko chili chabwinobwino.

M'zaka za m'ma 1970 ku Katete kunabwera akatswiri ojambula mapulani a nyumba, a kampani ina yakunja, kudzamanga kiliniki. Ine ndinali wonyamula njerwa chabe, koma poti ndinkawerenga chilichonse (ngakhale nyuzi zokulungira kapenta), ndinkangowalondola paliponse. Anthu aja sankathamangira kukumba. Ankayamba aona kotulukira dzuwa ndi kochokera mphepo, kenako n'kukhala pansi kucheza ndi azimayi odzagwiritsa ntchito nyumbayo. Ine ndinatolapo za dzuwa ndi mphepo zokha.

Nditakwatira Naphiri ndinapita kuchikamwini, kufupi ndi Sinda, ndipo atsibweni ake anandilozera pomanga. Mkamwini watsopano amayesedwa ndi nyumba. Ikamukanika, ulemu wake umathera pomwepo. Ndinazungulira ndi chingwe ndi zikhomo, ndikunyowetsa chala ndi malovu kuti ndimve mphepo (alamu anga ankayesa ndikutsirika malowo). Naphiri atayamba kunena za khomo, ndinamudula kuti zimenezi n'zamaphunziro.

Nyumba inatha, yozizira bwino ngakhale mu Okutobala. Koma khomo linaloza ndendende pakhonde la apongozi anga aakazi, amene mwamwambo sitiyenera kuyang'anizana nawo. Iwo ankakhala pomwepo kuyambira m'mawa, akutongola chimanga. Ndikangotsegula, ankadzifunditsa chitenje kumutu n'kuthawira m'nyumba, chimanga n'kutsalira nkhuku. Anthu anayamba kunong'ona kuti mlendoyu wabwera kudzapirikitsa mwini mudzi. Ndi mmene ndinayambira zapawindo lakuseri zija.

M'mawa wina buluku linakodwa pamsomali. Ndinalendewera mutu pansi, miyendo ili m'chipinda, apongozi akutulukira kuchokera kudimba. Anatembenuka, n'kuyamba kulankhula ndi mtengo wamango.

"Iwe mtengo, uwauze bambo ali apowo kuti asadzathyoke khosi, mwana wanga akadali wamng'ono. Andimangire nyumba yanga yozizira chomwecho. Koma koyang'ana ndinena ndine."

"Mtengowo wamva, amayi," ndinayankha ndili chozondoka.

Naphiri anandikolowola akulira ndi phwete, ndipo ndi iyeyo amene anakafunsa amayi ake koloza khomo la nyumba yatsopanoyo. Apongozi anasankha kuyang'ana kumsewu wa ku Chipata, kuti aziona mabasi. Nditawamangira, anatipatsa msana mwamtendere, ine n'kuyambanso kutulukira pakhomo ngati munthu.

Chaka chisanathe, ena m'mudzimo anayamba kundiitana kuti ndikawayezere malo. Dzuwa ndi mphepo ndimaziyang'anabe, koma ndisanakhome chikhomo ndimanong'oneza mwini nyumba: "Apongozi anu amakhala mbali iti?"