Misozi ya Loweruka

Lolemba
Ukwati wa Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, uli Loweruka. Diresi lilipo, holo ku Maddington, kuno kutsidya kwa nyanja komwe tikukhala, ilipo. Misozi ndiye palibe. Zaka zisanu tsopano chitetezo cha m'thupi mwanga chikulimbana ndi tiziwalo topanga misozi, m'maso mumangokhala ngati wina wathiramo mchenga. Ngakhale pa maliro a mayi anga sindinagwetse dontho, ndipo anthu anayankhula.

Koma lero ndawerenga pa foni: akatswiri akupanga mankhwala odontheza m'maso kuchokera ku maselo aja amabala maselo ena. Akuti diso louma limayambanso kunyowa! Pulani:
1. Kuonana ndi dokotala.
2. Kulowa m'gulu la oyesedwa.
3. Kulira Loweruka ngati make mkwatibwi.

Lachiwiri
Dokotala wanga wa ku Mirrabooka akuiwerenga nkhaniyo mpaka pansi, zomwe ine sindinachite. "Pakadali pano akuyesera pa mbewa," akutero. Mbewa! Zomwe zija timagula zotunga pa kamtengo pa msewu wa ku Dedza. Zandipitirira pa mzere. Ndikumuuza kuti ine ndimatha kusaina mafomu, mbewa ayi. Akuseka, akundilembera kalata yokaonana ndi katswiri wa maso.

Lachitatu
Ndikuimba foni kwa katswiri. Malo alipo, koma mu Meyi, ukwati utapita kale. Nambala 2 pa pulani ija yafa.

Bambo a Tadala: "Mudzangoganiza zomvetsa chisoni." Zaka makumi atatu m'banja, sakudziwabe kuti chisoni ndili nacho chambiri, chosowa ndi madzi.

Lachinayi
Amayi a kutchalitchi amva. Abwera ndi:
- anyezi (Mayi Phiri)
- tsabola wa kambuzi (Mayi Tembo a ku Chipata: "Uyu sanama, amai!")
- pemphero lalitali

Anyezi ndasenda asanu ndi mmodzi. M'khitchini onse akulira, mamina chuchuchu, kupatula mwini vuto. Kambuzi ndakana.

Lachisanu
Chimphepo chotentha cha kum'mawa kuyambira m'mawa. Maso afiira ngati ndimamwa kachasu. Pulani yatsopano, ya chinyengo pang'ono: kabotolo kanga ka misozi ya ku famase m'chikwama, nthawi ya malumbiro ndidzawerama ngati ndikupemphera, don, don, n'kudzuka masaya ali noninoni. Mulungu andikhululukire.

Loweruka
Malumbiro ayamba. Ndikuwerama, ndikupisa m'chikwama. Mpango, switi, makiyi. Kabotolo katsala m'chikwama chakuda chomwe sichimagwirizana ndi diresi!

Ndikudzutsa mutu. Tadala akunena "inde", mawu akunjenjemera ngati tsiku lake loyamba kusukulu kuno. Chifuwa changa chikuyamba chokha, mapewa akugwedezeka, kukhosi kukutuluka phokoso ngati la mbuzi. M'maso gwaa. Pambali panga bambo a Tadala, amene sindinawaonepo akulira chikwatirane, anyowetsa mpango wawo, akulanda wanga.

Lamulungu
Miyendo yatupa ndi kuvina. Maso ali chimodzimodzi.

Tadala akuimba foni ali pa ulendo wa ku Rockingham. Ndikumupepesa kuti amake sanalire. Akuyankha m'Chingerezi chake cha kuno: "Mama, munalira. Tchalitchi chonse chinamva. Mu vidiyo abusa sakumveka n'komwe."

Chabwino. Mankhwala atsopanowo adzafika nthawi yake. Wina womukwatitsa ndilibe, koma zidzukulu zidzabatizidwa ndithu. Ndikudontheza akale omwewa, diso lamanja, lamanzere. Mapoto omwe tinabwereka pa ukwati akundidikira m'galimoto kuti ndikabwezere eni ake.