Ndinkaphunzitsa Amayi za Haji pa Siteshoni ya Woolwich

Abale inu, sekani koma pang'ono. Amayi anga atabwera kudzandiona ku Thamesmead, mumzinda wa London, kuchokera ku Machinga, n'kuti titalembetsa kale ulendo wa ku Haji tonse awiri. Ine mtima sunkakhala m'malo. Ndinkangomva zoti ku Makka anthu amapanikizana mpaka ena kukomoka, nanga amayi anga aafupi aja, Chingerezi sachidziwa, khamu lalikulu lomwe analionapo ndi la pamsika wa Ntaja! Ndiye ine, nesi wodziwa zonse, ndinati ndiwaphunzitse.

Ndinawatengera pa siteshoni ya Woolwich m'mamawa, anthu akuthamangira ku ntchito. "Amayi, kanthu kakagwa musawerame. Musalimbane ndi khamu. Tikasiyana, khalani pamalo amodzi." Ndinawamangirira pamkono kapepala ka nambala yanga ya foni, n'kuwapatsa chikwama changa andigwirire kuti ndikonze mpango.

Sitima itafika, khamu linatikankhira kukhomo, wina n'kundiponda chidendene, nsapato vuku! Mukuganiza anawerama ndani? Ine! Pomwe ndimadzuka zitseko zatsekeka, amayi ali m'kati akundiyang'ana pagalasi, sitima ulendo.

Mantha ake sindidzaiwala. Ndinathamanga molimbana ndi khamu lonse, nsapato kumanja, kugunda azungu, kukuwa kuti "Amayi! Amayi!" ngati sitimayo imva. Ndipisa m'thumba kuti ndiimbe foni, foni ili kuti? M'chikwama chija. Ndinakwera sitima yotsatira misozi ili mbwembwembwe, ndikuganiza kuti achimwene kumudzi ndikawauza chiyani.

Pa siteshoni yotsatira ndinawaona. Anali atakhala phee pabenchi, tasibihi, mikanda yopempherera ija, ili m'manja. Pambali pawo bambo wina wogwira ntchito pa siteshoni akuimba nambala ya pakapepala paja, chikwama changa chikulira pamiyendo pa amayi, bamboyo atasokonezeka mutu. Ndi chisangalalo, ndinangokhala pansi pomwepo.

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato lija.

"Ine ndakhala pamalo amodzi monga unanenera," anatero. "Koma iwe mwanangu, ku Makka ndikakumangirira chingwe m'chiuno, ungakandisowe."

Kuyambira tsiku limenelo uphunzitsi ndinausiya. Ku Makka amayi akakhala patsogolo, ine pambuyo, nditagwira nsonga ya mpango wawo.