Tsiku Lomwe Ndinatulutsa Masofa Panja

Anzanga, mukadzandipeza ndikukolopa pabalaza mozungulira sofa osaisuntha, musadzati ndine waulesi. Pali nkhani. Lero ndimaiseka, koma ndikafika pakati pake manyazi amandigwirabe ngati zachitika dzulo.

Ndinali mu giredi 12, tikukhala ku Kabwata mu Lusaka, mayeso omaliza ali pakhomo, dzuwa la Okutobala likuwotcha mosaseweretsa. Maphunziro ena ndinkakhoza bwinobwino, koma Chingerezi chinandivuta chifukwa cha buku limodzi, sewero lakalekale la ku England lolembedwa m'Chingerezi choti ngakhale mzungu wa lero angapemphe womasulira. Muli mafumu, malupanga, chiphe m'chikho, ndipo pofika kumapeto aliyense wafa, wotsala mwina ndi wosesa pabwalo basi. Pamayeso oyeserera ndinagwa nalo chagada. Amayi, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi kumsika wa Soweto kuti ine ndifike kalasi imeneyo, anayang'ana pepala langa nthawi yaitali, kenako anati iwo sadzukira m'bandakucha mwana woti adzabwereze kalasi. Ndiye ndinadziwa kuti bukuli ndiyenera kulilowetsa m'mutu, kaya kudzera pakhomo kaya pawindo.

Aphunzitsi athu, a Mulenga, anatiuza kuti sewero saliwerenga ngati nyuzipepala, amalisewera, ndipo ukalisewera mawu amakhazikika okha. Ine n'kuti eya, mankhwala ndi amenewo. Ndinaitana anzanga awiri a m'kalasi, Naomi ndi Mutale, kuti Loweruka abwere kwathu. Amayi akhala ali kumsika, bambo anali atanena kuti alawirira kuchipatala kukapimitsa BP, nyumba yonse ikhala yathu. Pamenepa ndikuuzeni kuti mwezi wapitawo bambo anagwa pageti ndi BP yomweyo, ndipo amene anawanyamula anali anthu a mumsewu mwathu. Aliyense ankadziwa kuti a Phiri sakupeza bwino. Ine ndekha, mwana wawo, ndi amene ndinaiwala.

Tinasankha gawo lomaliza, pamene mfumu yaphedwa ndipo mkazi wake akuilira. Pabalaza pathu m'pochepa, munthu wamtali ngati Mutale sangafe bwino pakati pa masofa ndi tebulo. Ndiye nzeru zinandibwerera, nzeru za ine Tamara, zakuti titulutse mipando yonse panja. Tinanyamula masofa, tinanyamula tebulo, n'kuzindandalika bwinobwino pansi pa mtengo wa mango moyang'ana msewu. Kodi pali mwana wokulira mu Lusaka amene sadziwa tanthauzo la masofa akakhala panja, pabalaza pali mbee? Ine ndinabadwira momwemo, maliro ndapitako ambirimbiri, koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali England yokhayokha.

Mfumu siyenera kufa itavala mapatapata, choncho ndinabweretsa jekete la bambo ndi nsapato zawo zofiirira zimene ankavala kutchalitchi, zodziwika msewu wonse. Mutale anavala, anagona pansi, ine n'kumufunditsa nsalu yoyera ya pabedi kuyambira kumutu, nsapato zokha zikuonekera. Naomi anagwira buku kuti azitikonza. Ine ndinali mkazi wa mfumu.

Ndinagwada n'kuyamba kulira m'Chingerezi chakalecho, lilime likupunthwa pa liwu lililonse. Naomi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe Tamara, ulila monga ka pusi. Lila zoona, monga ku malilo, ndiye uzamvela vamene mukazi uyu amvela."

Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa ine sindikonda kuuzidwa kuti chinthu sindichitha. Ndinalowa kuchipinda, ndinamanga chitenje cha amayi ndi duku, ndinabwerera, Chingerezi n'kuchiika pambali. Ndinalira m'chinenero chathu, mmene ndinkamvera azimayi akulira, mokoka mawu, ndikufunsa wakufayo kuti watisiya ndi yani, tidya chiyani, tilowera kuti. Mawindo anali otsegula chifukwa cha kutentha. Ndinalira bwino, anzanga, ndisaname. Ngakhale Naomi anasiya kuseka.

Ndili pakati polira ndinamva liwu lina likundilandira kuchokera pageti. Ndisanadzuke n'komwe, bana Chanda, mayi wonenepa wa nyumba yoyandikana nafe, anali atalowa kale, manja ali kumutu. Anaona nsalu yoyera, anaona nsapato zofiirira, n'kudzigwetsa pansi.

"Mayo ine, ba Phiri batisiya!"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanaimirira n'kunena kuti pepani amayi, tikuphunzira. Mawu ochepa chabe. Koma anandikumbatira mwamphamvu, nkhope yanga inalowa pachifuwa pawo, akundisisita kumsana kuti ndilimbe mtima, ndipo ine mantha ndi manyazi zinanditseka pakamwa. Ndinayamba kulira kwenikweni tsopano. Ndikati ndiyankhule, chotuluka ndi kusisima, iwo n'kumati ndisadzivute, aona kale. Nditasuzumira kuti Naomi andithandize, ndinangoona chitseko cha kukhitchini chikugwedera. Anali atadumpha mpanda wa kuseri, buku lili m'manja.

Kodi mukudziwa liwiro la uthenga wa maliro mu Kabwata? Azimayi anayamba kulowa atamanga zitenje, aliyense akayamba kulirira pageti, n'kudzakhala pansi motsamira khoma, malo ndinali nditawakonzera kale ine mwini. Azibambo anakhala pamasofa paja pansi pa mango, mitu ili pansi. Wina anabweretsa mbaula, wina thumba la makala, wina ufa ndi kabichi. Nyimbo ya kutchalitchi inayambika. Mutale pansi pa nsalu anali zii, akupuma pang'onopang'ono, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti ankapemphera kuti afe zenizeni. Palibe amene anavundukula nsaluyo chifukwa ankadikira mkazi wa malemu. Kenako ndinamva bana Chanda akuuza mnzawo kuti amayi awaimbira kale foni kumsika, ali m'njira.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu. Anati sibwino kusiya munthu choncho, tiyenera kumuwongola manja ndi kumutseka maso thupi lisanaume. Anagwada ndi bana Chanda, anachotsa nsalu kumutu mwaulemu. Mutale anawayang'ana, thukuta lili chuchuchu, ndipo poti ndi mwana woleredwa bwino anapereka moni.

"Muli shani, ba mayo."

Sindinaonepo azimayi akuluakulu akutuluka pakhomo limodzi nthawi imodzi ngati tsiku lija. Mbaula inagubuduzika, kabichi anamwazika, wina anasiya nsapato. Azibambo panja anadzambatuka osadziwa choti athawe. Ndipo nthawi yomweyo bambo anatulukira pageti, kapepala ka mankhwala kali m'manja, akudabwa khamu la anthu pakhomo pawo. Anavula chipewa n'kufunsa motsitsa mawu kuti wamwalira ndani. A Zulu, mkulu wopuma pantchito wa kutsidya kwa msewu, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndimwe, ba Phiri."

Mpaka pamenepa mukhoza kuseka, inenso ndimaseka. Chimene sindiseka ndi chotsatira. Anthu akuyamba kumvetsa, ena akuseka, ena akundiloza, tinamva kulira kuchokera kumene amatsikira minibasi. Anali amayi. Ankabwera akuthamanga, epuloni ya kumsika ili m'chiuno, duku litagwa, phazi limodzi lopanda nsapato, katundu wawo yense atamusiya pa tebulo ku Soweto popanda womuyang'anira. Atafika pageti anaona mwamuna wawo ataimirira. Kulira kunadukira pakamwa. Anawagwira mkono, anawagwira kumaso, kenako anakhala pansi pafumbi.

Ine ndinatuluka nditavala chitenje chawo ndi duku lawo, kumbuyo kwanga kuli Mutale mu jekete la bambo. Ndinagwada n'kufotokoza zonse pamaso pa msewu wonse, za a Mulenga, za mfumu, za mayeso. Ndinkayembekeza mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Amayi sanandimenye. Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kuyankhula motsitsa.

"Njila yonse mu basi nenze kuganiza kuti nizakwanisa bwanji neka kuti iwe usilize sukulu."

Mbama ikanakhala bwino. Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamveponso chibadwire.

Chilango anapereka bambo. Anati chilichonse chimene chabwera pamaliro awo chibwerere kwa mwini wake, ndipo wochibweza ndi namfedwa. Ndinayenda khomo ndi khomo masana dzuwa lili pamutu, thumba la makala pamutu, mbaula m'manja, kugwada ndi kupepesa paliponse, ana akunditsatira akuyeserera kaliridwe kanga. Bambo eni ake nkhaniyi inawasangalatsa pang'ono, anati si aliyense amapeza mwayi woona amene angabwere pamaliro ake. Chinawakwiyitsa n'chakuti mlamu wawo wa ku Chelstone, anthu atamuimbira foni za malirowo, anati ali wotanganidwa, adzabwera tsiku loika. Mpaka lero moni wawo ndi wapatalipatali.

Tsiku la mayeso nditatsegula pepala ndinapeza funso lakuti tifotokoze chisoni cha mkazi wa mfumu pa imfa ya mwamuna wake. Sindinaganize za England ayi. Ndinaona amayi akuthamanga ndi nsapato imodzi, ndipo ndinalemba mpaka dzanja kuwawa, misozi ikudontha papepala. Chingerezi ndinakhoza kuposa phunziro lina lililonse. Nditawaonetsa amayi zotsatira anagwedeza mutu n'kunena kuti zili bwino, koma tomato wawo amene anabedwa tsiku lija akumudikirabe.

Ku Kabwata nkhani siifa. Patapita zaka, pa ukwati wanga, bana Chanda anakokera mwamuna wanga pambali kuti amupatse malangizo, ndipo anayankhula mokweza kuti tebulo lonse limve.

"Mwana wanga, uyu mukazi wako akalila, usathamange. Yamba waona pansi pa nsalu."

Ndiye ine ndinalumbira, ndipo ana anga akudziwa. M'nyumba mwanga buku la sewero amawerenga chamumtima, atakhala pampando, mawindo otseka. Sofa ikatuluka panja, mudzabwere ndi makala osakayika, koma nsaluyo mudzaivundukulebe.