Tsiku Limene Ndinabweretsa Kolera ku Kachulu

Anzanga, mukandiona ndikudutsa pa Kachulu, doko lathu la kunyanja ya Chilwa, nditazyolika, musati ndikudwala ayi, ndi manyazi. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu a kukoleji akabwera ku holide maso amangokhala pafoni kuonera anthu akuvina, za dziko sadziwa kanthu. Ndiye ndinati ndiwasonkhanitse Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndiwalimbikitse kuwerenga nkhani. Pali cholakwika pamenepo?

Vuto linali nyuzipepala, poti kwathu kuno siifika. Koma mlamu wanga akapita ku Zomba kukagulitsa nsomba amabwerako ndi mapepala a nyuzipepala okulungira matemba, ndiye m'mawa ndinangosolola tsamba limodzi looneka bwino pamulu wake, osaliwerenga n'komwe, n'kulipinda, m'thumba.

Ana anabwera, makolo awonso anabwera, ena ongofuna mthunzi. Ndinayamba mwaukali: "Inu, digiri ya munthu wosadziwa zochitika m'dziko ndi pepala chabe! Werengani, mukawerenga ganizani, funsani mafunso!" Anawomba m'manja, ine mutu n'kukula. Ndinatulutsa tsamba lija kuti ndipereke chitsanzo, maso n'kugwera pa zilembo zikuluzikulu: matenda a kolera abuka kunyanja ya Chilwa, anthu amwalira, kugulitsa nsomba zaziwisi kwaletsedwa.

Mayo ine! M'malo moyamba ndaganiza monga ndinali nditangowauzira, ndinawerenga mokweza, n'kuthira ndi ndemanga yanga: "Mwaonatu? Imfa ili pakhomo, inu muli pafoni!"

Kolera kuno si dzina lolitchula mwamasewera. Tinaikapo abale athu atakulungidwa m'mapulasitiki, osawasambitsa, osawaona nkhope. Mayi wina anayamba kulira pomwepo, ena anadzuka n'kuthamangira kudoko, mafoni omwe ndinkawanyozawo ali kukhutu.

Amene anatsala ndi ana a kukoleji aja. Mmodzi wa iwo, Tiyamike, amene akuphunzira unamwino, anati, "Aphunzitsi, tingaone nawo?" Ndinamupatsa monyadira. Anayang'anitsitsa chithunzi chimene chinali pansi pa nkhaniyo, nthawi yaitali ndithu, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Tenti iyi ndikuidziwa. Bambo anga anamwalirira mmenemu. Nthawi imeneyo n'kuti ndili kusekondale."

Analoza pamwamba pa tsambalo, pamene panadetsedwa ndi mafuta a nsomba. "Mwati tizifunsa mafunso. Deti munaliona?"

Anzanga, munayamba mwalakalakapo kuti nthaka ing'ambike mulowemo? Ndinali nditafukula maliro a bambo a mwana wa eni pagulu, ati kumuphunzitsa nkhani zatsopano! Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Ndinabwereka njinga, ulendo wa kudoko, nkhalamba ine kupalasa ndikukuwa, "Kolera kulibe! Inali nyuzi yakale!" Mukuganiza kuti anandimvera? Bambo wina anati, "Mwaona, awaopseza kuti abise." Wina anati aphunzitsi sangawerenge zabodza, zabodza ndi zimene akunena panozi. Ndiye kuti ine ndinkatsutsana ndi ine ndemwe, ndipo amene ankapambana ndi ine wa m'mawa uja. Uthenga unali utafika kale ku Likangala, ogula ochokera ku Zomba anali atakwera minibasi madengu ali opanda kanthu, nsomba zaziwisi zili mbwee padzuwa, ntchentche zokhazokha.

Madzulo ndinapita kwa mayi ake a Tiyamike kukapepesa. Anandiyalira mphasa, anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kungoti, "Tamva, aphunzitsi." Mawu amenewo amandilasabe.

Kutacha ndinapeza mlamu wanga ataima pakhomo, dengu la milamba yowola lili pansi, fungo lake losaneneka. Sanakalipe. Anangondipatsa moni mwaulemu wake, n'kuloza dengulo.

"Alamu, nkhani za lero ndi izi. Muwerenge."

Ana a kukoleji ndimawauzabe kuti aziwerenga, zimenezo sindisiya. Koma ine kuimanso pagulu ndi pepala m'manja, ngakhale litakhala la nyimbo za kwaya, ndisanafufuze kuti linasindikizidwa liti? Ndalumbira, mundimange.